Wometa Alibe Timu

9 Febuluwale

Amayi okondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, makamaka miyendo ija, ngati ikukulolani kufika kumunda. Ife kuno tilipo, ine, mkamwini wanu ndi Katimba. Mwanayu chimfine chinamugwira sabata yatha, koma pano akuthamanga, wandiswera kale kapu.

Ndalemba kalata chifukwa foni ya aneba anu aja amaiika mokweza, mawu anga amamveka mpaka kwa anthu ongodutsa. Abwera nayo ndi amayi a katundu, aja onenepa amene amayenda pa basi ndi zikwama zikuluzikulu. Ndawapatsanso sopo, mafuta odzola ndi nsapato zanu. Nsapatozo muzivala, musazisungire ukwati wa munthu.

Tinasamuka kuja tinkagona anthu ambirimbiri. Bambo a Katimba apeza mpando pa shopu yometera, ndipo eni shopu atipatsa chipinda cha kuseri kwake. N'chaching'ono, muli bedi, mbaula yamagetsi pa kampando, chidebe, basi. Zenera limayang'ana mpanda wa malata. Khoma lotilekanitsa ndi shopu ndi la matabwa, moti munthu akayetsemula pa mpando wometera ine ndimanena pepani ndili kuno. Ntchito yanga ndi kuchapa matawulo, kusesa tsitsi, ndiye ndimachapiranso mabanja awiri a mumsewu wathu.

Eni shopu timangowatchula a Dazi. Kumutu kwawo kulibe ndi tsitsi limodzi lomwe, koma ameta anthu moyo wawo wonse. Ndi akuno, ndipo ndi munthu wabwino. Akudziwa kumene tinachokera. Tsiku loyamba anatikhazika pansi n'kutiuza zinthu ziwiri. Choyamba, makasitomala akafunsa tizinena kuti ndife a chigawo chakutali cha dziko lomwe lino, kumene anthu amayankhula mopotoza lilime. Chiyankhulo chathu chizithera m'chipinda. Chachiwiri anauza mkamwini wanu kuti wometa alibe timu. Amene wakhala pampando akati mvula ibwera, iwe uziti ibweradi. Wina akakhala n'kuti siibwera, uziti zoona, kumwamba kwayera. Anati munthu amene waika khosi lake pansi pa lezala lako usamamutsutse.

Za timuzi ananena chifukwa kuno amuna apenga ndi mpira wa basiketibolo. Uli ngati ntchembere mbaye uja tinkasewera kusukulu, kungoti amaudunda pansi akuthamanga, ndipo osewera ake ndi zimphona. Mu shopu muli kanema wamkulu pamwamba pa galasi. Loweruka masana mumadzaza, ena odzameta, ambiri ongodzaonera.

Ndiye nkhani nayi, Amayi. Timu ya mzinda uno, imene ili mu ligi yaikulu, yagula mnyamata wa kwathu. Wa kwathu kwenikweni, amene ankasewera timu ya dziko lathu. Ife timamutcha Nsungwi, poti ndi wamtali ndi wowonda. Bambo a Katimba atamuona pa kanema analowa m'chipinda muno, anatseka chitseko n'kuvina mwakachetechete, chipeso chili m'manja. Ndinaseka mpaka misozi. Kenako anapukuta nkhope n'kubwerera kokameta ngati palibe chachitika.

Muwauze achimwene akonze khola la nkhuku lisanagwe, asadikire kuti ndinene kachitatu.

Ndine mwana wanu.

2 Marichi

Amayi,

Landirani moni wa ife atatu. Ndasangalala kumva kwa amayi a katundu kuti anakupezani mukuyenda nokha popanda ndodo, ndiponso kuti nsapato zakukwanani. Ife tili bwino, kungoti zinthu zakwera. Mafuta ophikira tsopano ndimagula a m'kabotolo kakang'ono, n'chifukwa chake phukusi lachepa mwezi uno. Musadandaule nazo.

Mnyamata wathu uja zinthu sizikumuyendera. Ine mpirawo sindiudziwa, koma kudzera m'khomamu ndaphunzira zambiri kuposa za kusukulu. Akuti kumene ankasewera kale wamtali anali yekha, ankangoima pansi pa dengu n'kumaponya. Kuno aliyense ndi wamtali, ndipo amathamanga ngati awakhwirizira agalu. Iye akamati atembenuke, anzake afika kale mbali ina. Akangogunda munthu, woimbira amaliza wezulo. Akalakwa kangapo kochi amamukhazika pa benchi, iye n'kufunda thawulo kumutu.

Pali kasitomala wina woyendetsa taksi amene amabwera Loweruka lililonse. M'chipinda muno timamutcha Chikhosi, chifukwa kumbuyo kwa khosi lake minofu inachita kupindana, ndipo ndi bambo a Katimba okha amene amatha kumetamo osamucheka. Safuna kumetedwa ndi wina aliyense, ngakhale a Dazi. Ndi wanthabwala, m'thumba mwake simusowa masiwiti, koma akayamba za mpira mawu ake amagwedeza matabwa. Chimene chikumuwawa n'choti timu inagulitsa mnyamata wakuno, wokulira m'misewu yomwe ino, kuti Nsungwi apeze malo.

Dzulo ndinkapinda matawulo uku ndikumva. Chikhosi anati, "Anatigulira pholo la magetsi. Bola pholo limanyamula waya."

Atelala a shopu yoyandikana nafe, munthu wamkulu wofatsa, anati, "Mupatseni nthawi. Munthu wangofika, chiyankhulo cha kochi sakuchimva bwino, komanso anzake sakumupatsa mpira. Amakweza manja mpaka kutopa."

"Nthawi? Ine munthu akakwera taksi yanga ndimamuuza kuti dikirani ndiphunzire magiya?"

Onse anaseka. Kenako Chikhosi anafunsa mkamwini wanu, "Iwe wometa, ndikunama?"

Ndinasiya kupinda. Iwo anati, "Simukunama, bwana. Weramani pang'ono."

Atelala atakhala pampando womwewo, mkamwini wanu anawauzanso kuti zoona, mwanayo akufunika nthawi. Mtima wanga unakhala pansi. Koma atalowa kudzadya anangokhala, chakudya chikuzizira. Anati, "Amake Katimba, mwana uja si waulesi. Akungoganiza kwambiri asanachite chinthu. Ngati ine mwezi wanga woyamba kuno, ndinkayamba ndakonza mawu m'mutu ndisanapereke moni, pomaliza kukonza munthu wadutsa." Ndinati idyani, Nsungwi wanuyo akudya kuhotela.

Mankhwala a miyendo musasiyire panjira chifukwa choti mwapezako bwino.

Ndine mwana wanu.

23 Marichi

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi achimwene. Kuno matenda kulibe. Katimba wayamba kulongolola kwambiri, chilichonse akufuna achitchule dzina, supuni, nyerere, nsapato za bambo ake. Zonse m'chathu, poti ndi chimene amamva m'chipinda. Mukanamumva mukanaseka, amayankhula ngati inu mukakwiya.

Mkamwini wanu agula jezi ya Nsungwi. Saivala, ili pansi pa matiresi, ndinaipeza poyala. Nditafunsa anati ndi ya tsiku lina. Ndinati tsiku liti, anangoibwezera pansi pa matiresi.

Lamulo la a Dazi lija ayamba kuliphwanya. Dzulo timu inagonja, ndipo Nsungwi anaphonya mipira iwiri kumapeto, ija amaponya munthu ataima yekha popanda womusokoneza. Mu shopu munali phokoso. Chikhosi anati, "Anthu amenewa ndi momwemo. Amabwera ndi njala, amavomera chilichonse, mwana wakuno n'kutaya malo. Ku mpira, ku mataksi, ku zomangamanga, kulikonse."

Ulendo uno palibe anaseka. Ena anavomereza chapakhosi. Ndiye ndinamva mawu a mkamwini wanu. Anati, "Koma mipira yobwerera padengu akugwira ndani? Mnyamata wanu uja ankagwira ingati? Tawerengani."

Mashini ometera anazima. Ndinagwira mwana pakamwa, sindikudziwa chifukwa chake. Chikhosi anati, "Wometa wathu lero ali ndi masamu. Ndi mlamu wako kodi?" Anaseka, enanso anaseka, mashini n'kuyambanso kulira.

Atatseka shopu a Dazi anabwera pakhomo pathu. Sanalowe. Anati, "Mwana wanga, ine ndinabadwira mumsewu uno. Anthu awa akayamba kunena kuti anthu amenewa, ndiye kuti za mpira zatha, ayamba zina. Iwe meta mitu."

Atachoka tinakangana, koma monong'ona. Ndinawauza kuti Nsungwi sakudziwa n'komwe kuti iwo ali ndi moyo. Akamuchotsa akwera ndege, nanga ife tikwera chiyani? Anati, "Munthu akutukwana kwanu, dzanja lako lili pamutu pake ukumukongoletsa, iwe ungamve bwanji?" Ndinati ine ndimachapa zovala zamkati za anthu amene sandipatsa moni, ndipo sindinafe nazo. Anatembenukira kukhoma.

Si munthu woipa, Amayi, mukuwadziwa. Kungoti zaka zonsezi akhala akumeza mawu, ndiye mnyamata ameneyu wawatsegula penapake. Mukamapemphera muziwatchula.

Nsalu imene ndatumizayo ndi ya azakhali, musaiphatikize ndi zanu.

Ndine mwana wanu.

13 Epulo

Amayi,

Moni. Tili moyo. Ndilemba mwachidule poti amayi a katundu akudikira panja.

Dzulo kwachitika zinthu. Timu inkasewera ndi adani ake akuluakulu, shopu inadzaza mpaka pakhomo. Wamtali wina wa timu yathu anavulala, ndiye kochi analowetsa Nsungwi. Ine ndinali nditalowa ndi matawulo otentha, choncho izi ndinaona ndi maso anga. Chikhosi anali pampando, mutu atametedwa mbali imodzi, mkamwini wanu ali ndi lezala pakhosi pake.

Mnyamata uja anasintha. Wina anati aponye, iye anaumenya mpirawo m'mwamba ngati akuphera ntchentche. Anathamanga bwalo lonse, anzake anamupatsa, analumpha n'kuukhomera m'dengu ndi manja awiri, chitsulo mpaka kugwedera. Anthu anaimirira. Ndipo mkamwini wanu anakuwa, osati m'chiyankhulo cha kuno, m'chathu. "Aonetse, mwana wa kwathu! Aonetse!"

Dzanja linapita lokha. Lezala linacheka Chikhosi kumbuyo kwa khosi. Bala si lalikulu, koma pamenepo magazi amatuluka ambiri. Anayenderera mpaka pa kolala.

Ndinamupatsa thawulo, analandira osandiyang'ana. Ankayang'ana bambo a Katimba m'galasi. Anafunsa pang'onopang'ono, ngati akufunsa njira, "Chimenecho ndi chiyankhulo cha chigawo chiti?"

A Dazi anayamba kupepesa, anati lero musalipire. Iye anatulutsa ndalama, analipira zonse, anaziika bwinobwino pansi pa botolo la mankhwala opopera, n'kutuluka mutu uli wometedwa mbali imodzi, thawulo lathu lili pakhosi.

Akanakalipa bola, Amayi. Akanawamenya mbama pomwepo ndikanadziwa kuti zatha.

Nkhaniyi musauze achimwene, angayambe kuimba mafoni.

Ndine mwana wanu.

27 Epulo

Amayi,

Ndalandira uthenga wanu woti nkhuku zaswa, zikomo. Ife matupi ali bwino. Tulo ndiye tikuvuta.

Loweruka shopu ikudzazabe, koma pampando wa mkamwini wanu sipakhala munthu. Onse amadikira a Dazi, ngakhale mzere utalike bwanji. Bambo a Katimba amangoima, kupukuta mashini oyera kale. Atelala okha ndi amene anakhalapo, chonsecho tsitsi lawo linali lisanakule.

Mabanja awiri aja asiya kundipatsa zochapa. Mayi wina anati agula mashini ochapira. Tsiku lotsatira ndinamuona akuchapa pamanja kuseri kwa nyumba yake.

Chikhosi anabweranso. Mutu anakamalizitsa kwina. Sanamete, anangokhala pa benchi n'kumaonera, akuseka ndi anzake. Nthawi yopumula osewera ndinali kuseri ndikuyanika matawulo, Katimba akusewera ndi zopanira zovala. Nditatembenuka ndinamupeza munthuyo ali m'bwalo lathu, wanjuta patsogolo pa mwana. Sindinamve geti likutseguka.

Anamupatsa siwiti. Analoza chidebe n'kufunsa m'chiyankhulo cha kuno kuti ichi n'chiyani. Mwana anati chidebe. Analoza m'katimo, mwana anati madzi. Analoza ine, mwana anati amama, kenako anayamba kumufotokozera zonse, za nyerere, za kapu imene anaswa, akusangalala kuti wapeza womumvetsera. Chikhosi ankabwereza mawu aliwonse pang'onopang'ono, ngati akuwalawa. Anamusisita kumutu, anaimirira, n'kundiuza kuti, "Mwana wochenjera. Muzimusamala, mayi. Msewu uno umadutsa magalimoto ambiri."

Siwitiyo ndinamulanda n'kutaya m'ngalande. Analira mpaka kugona.

Lachitatu tinadzuka pa geti lathu pali mzere wa penti yofiira. Womwewo uli pa chitseko cha wosoka nsapato wa pakona, amenenso si wakuno. Wa pa geti lathuwo a Dazi anaupala ndi mpeni.

Ndayamba kumuletsa Katimba kuyankhula panja. Akatsegula pakamwa m'bwalo ndimamutsina. Lachisanu pogula buledi anaona galu n'kukuwa kuti galu, anthu anatembenuka, ine ndinamumenya pakamwa. Sanalire, anangondiyang'ana. Mwana wa zaka zitatu angamve bwanji kuti galu ndi galu m'chipinda mokha?

Amayi, ndikufunseni. Miyendo yanu ingathe kuthamangitsana ndi mwana? Sadya zambiri. Bambo ake sindinawauze kuti ndakufunsani. Muyankhe kudzera kwa amayi a katundu, pakamwa, osati pa foni ya aneba.

Ndine mwana wanu.

11 Meyi

Amayi,

Zikomo chifukwa cha yankho lanu. Amayi a katundu atandiuza kuti mwati abwere ngakhale lero, ndinalira pamaso pawo. Ndamvanso kuti chifuwa chinakugwirani, muzifunda m'mawa.

Kuno zinthu zatembenuka, koma sindikudziwa ngati zatembenukira kwabwino. Nsungwi tsopano akusewera bwino masewero aliwonse. Akuti wazolowera liwiro, waphunzira poima, sakugundanso anthu mwachisawawa, ndipo anzake ayamba kumufuna ndi mpira. Timu yafika mu ndime yomaliza, Loweruka likubwerali akulimbirana chikho. Anthu omwe aja ankamutcha pholo la magetsi pano akuti chimphona chathu. Majezi ake akugulitsidwa pamphambano paliponse.

Dzulo atelala anafunsa Chikhosi, "Nanga magiya aja waphunzira?"

Chikhosi anati, "Ine sindinanenepo kuti mwanayo ndi woipa. Ndinkanena kochi."

Anthu anaseka, atelala anati, "Khosi lokha ndiye lalikulu, chikumbumtima n'chaching'ono."

"Mdala, sokani mabatani. Uyu ndi wosiyana, uyu anabwera ndi ndege, mapepala ali m'manja, akutibweretsera chikho. Osati enawa, olowera pansi pa waya, obisala kuseri kwa mashopu a anthu n'kumatinamiza."

Ananena mokweza, nkhope ataloza kukhoma lathu. Ndinadziwa chifukwa mawuwo anachita kulowa m'chipinda ngati munthu.

Koma mkamwini wanu anangomva mbali yoyamba yokha. Akuti, "Wamva? Akuti chimphona chathu. Akatenga chikho zonsezi ziiwalika. Munthu sangaimbe dzina la wa kwathu m'mawa, madzulo n'kudzatigenda." Ndinawakumbutsa kuti wosoka nsapato uja anachoka osatsanzika, tebulo lake linapezeka lothyokathyoka m'ngalande. Anati ameneyo anali ndi milandu yake.

Ndinawauza zotumiza mwana kwa inu. Anakana. Anati mwana wawo sakwera basi ulendo wonse uja ndi munthu wongomudziwa pa zikwama chifukwa cha penti ya pa geti. Anati tikatumiza mwana ndiye kuti tavomera kuti ndife akuba. Ndinagwada, Amayi, ine amene simunandionepo ndikugwadira mwamuna. Anandidzutsa n'kunena kuti tidikire Loweruka.

A Dazi ati Lowerukalo satsegula shopu, atseka chitseko chachitsulo n'kupita kwa mwana wawo kunja kwa mzinda. Anandiitanira pambali n'kundiuza kuti, "Akagonja, msewu udzaza anthu okwiya. Akapambana, udzaza anthu oledzera. Ine sindikudziwa chabwino n'chiti. Ngati muli ndi kopita, pitani." Kopita tilibe.

Amayi a katundu anyamuka Lamulungu likubwerali m'mawa, kalatayi ndapatsira mnzawo. Ati malo a mwana pamiyendo pawo alipo. Zovala zake ndi mapepala ake a kuchipatala ndawapatsa kale, ndinazitulutsa m'kati mwa matawulo. Ngati Loweruka lidutsa bwino, ndikazitenganso ndipo bambo ake sadzadziwa. Ngati ayi, muona nokha.

Ndine mwana wanu.

18 Meyi, ku depoti

Amayi,

Moni. Pepani zilembo zapotoka, ndikulembera pabondo. Kalatayi ifika pamodzi ndi mdzukulu wanu.

Anapambana. Tinaonera atatu mu shopu yotseka, kanema titamuchepetsa mawu. Kumapeto kwenikweni Nsungwi ndi amene anagwira mpira wobwerera n'kuubwezera m'dengu. Mzinda wonse unakuwa nthawi imodzi, malata mpaka kunjenjemera. Bambo a Katimba analira ngati mwana. Kenako anakweza matiresi, anavala jezi ija. Ndinawagwira mkono. Anati, "Lero palibe afunse munthu kwawo. Taona, dzuwa likadalipo. Ndikangofika pamphambano ndibwerera, ika madzi a tiyi." Anampsompsona mwana n'kutuluka.

Madzi anawira mpaka kuphwa.

Dzuwa lisanalowe gulu lina linapatuka kumsewu waukulu n'kulowa mumsewu wathu. Ankaimba dzina la mnyamata uja, ambiri atavala jezi yake, yofanana ndi ya mkamwini wanu. Akuimba choncho anayamba kumenya chitseko chachitsulo cha shopu. Ena anazungulira ku geti, penti ija a Dazi anaipala kale koma iwo sanasochere. Mawu a Chikhosi sindinawamve, sindinganame. Hutala ya taksi yokha ndi imene inkalira osaleka.

Atelala anakanula lata limodzi la mpanda kuchokera mbali yawo n'kutiitana ndi dzanja. Ndinamukankhira mwana pampatapo, ine pambuyo. Anatilowetsa pansi pa tebulo lodulira nsalu n'kugwetsa nsalu mbali zonse. Iwo anakakhala pakhomo pawo n'kumaomba m'manja ngati akusangalala nawo. Tinamva bedi lathu likuthyoka, mbale, galasi la a Dazi. Wina ankafunsa kuti kamwana kaja kali kuti.

Amayi, nthawi yonseyo Katimba sanatulutse mawu. Anthu atapita ndinaona kuti lata linamucheka mwendo, magazi afika m'nsapato. Sanalire ngakhale pang'ono. Anadzigwira yekha pakamwa ndi manja awiri. Mpaka pano sanayankhule, ngakhale kwa ine.

Tinagona kwa atelala. Kwacha, mkamwini wanu sanabwere, foni yawo siikulowa. Atelala akuti anthu ena anathawira m'bwalo la apolisi, ena ali ku holo ya tchalitchi, ena anawatengera kuchipatala. Ati andiperekeza konseko tikachoka pano. Sindingakwere basi ndisanadziwe. Ngati ali moyo akandikwiyira chifukwa cha mwanayu, akwiye, ndikufuna ndimve akukwiya.

Balalo ndamanga ndi kansalu koyera, muzilitsuka ndi madzi otentha a mchere. Likatupa mupite naye kuchipatala, musadikire. Pogona amagwira khutu la munthu, mumulole. Mkaka wozizira umamutsegula m'mimba. Akafunsa bambo ake muziti ali kuntchito.

Akafika mwina akhala osayankhula. Si matenda, musapite naye kwina kulikonse, ndipo achimwene asamamuseke. Musamukakamize. Muzingoyenda naye pakhomo n'kumatchula zinthu mokweza, nkhuku, khasu, galu, anthu akumva, aone kuti palibe amene akutembenuka. Mumuuze kuti kumeneko n'kololedwa. Akamva kwa inu akhulupirira, kwa ine sangakhulupirirenso.

Ndikapeza foni ndiimba kwa aneba, aike mokweza, zilibenso kanthu.

Kondakitala akuitana. Katimba wakhala kale pamiyendo ya amayi a katundu, pafupi ndi zenera. Waika dzanja pampando wa pambali pake, akundisungira malo. Sindinamuuze kuti ine sindikwera.

Ndine mwana wanu.